Kutseka galu wamkazi ku Mangochi: opaleshoni ya timabowo, ya masiku onse, jakisoni kapena khola?

Galu wamkazi akafika miyezi 6 mpaka chaka chimodzi amayamba nyengo yofuna amuna. Kwa agalu ambiri nyengoyi imabwera kawiri pa chaka, ndipo imatha masabata awiri kapena atatu. Akakweredwa, bere lake ndi la masiku 63 okha, kenako pakhomo padzaza tiagalu 5, 7, nthawi zina kuposa apo. Amene anasungapo galu wamkazi kuno ku Mangochi akudziwa kuti vuto limayamba ana asanabadwe n'komwe. Agalu aamuna a dera lonse amasonkhana kuseli kwa mpanda, kulumana usiku wonse, kuboola udzu, kugwetsa thandala la usipa la eni ake. M'mawa mumadzuka ndi mlandu kwa anansi, makamaka kwathu kuno kumene mabanja ambiri, chifukwa cha chipembedzo, safuna galu aziyendayenda pakhomo pawo. Ndipo akamadandaula amakhala sakulakwa.

Masiku ano anthu akuona pa foni makanema a opaleshoni ya timabowo, imene madokotala amati laparoscopy. Galu wachitidwa opaleshoni m'mawa, madzulo akuyenda, pamimba pali timabala tiwiri tosafika ngakhale chikhadabo. Eni malo ogona alendo a kunyanja, ndi abale athu amene anakhalako ku Joni, ayamba kufunsa ngati ndi bwino kudikira njira imeneyi kusiyana ndi kung'ambitsa galu pamimba. Maganizo anga ndi akuti njirayi ndi yabwinodi, ndipo zimene amaiyamikira nazo zambiri ndi zoona. Koma chimene chimapulumutsa kapena kupha galu wa ku Mangochi si kukula kwa bala. Ndi dzanja la amene akumupanga opaleshoniyo, magazi amene galuyo ali nawo m'thupi tsiku limenelo, ndi mmene mumusamalire masiku 10 otsatira.

Opaleshoni ya timabowo

Galu amagonetsedwa tulo tofa nato monga pa opaleshoni ina iliyonse, ndipo amamulowetsa kapaipi kopumira kukhosi. Dokotala amaboola timabowo tiwiri kapena titatu pamimba, ta theka la sentimita mpaka sentimita imodzi. Amapopera mpweya wa carbon dioxide kuti mimba ikwere, ziwalo zitalikirane. Pa kabowo kamodzi pamalowa kamera yokhala ndi nyali, pa enawo pamalowa zida zazitali zopyapyala, ndipo dokotala amagwira ntchito maso ali pa sikirini. Chimene amafuna ndi mabasiketi awiri a mazira, amene amakhala chakumsana, kufupi ndi impso. Chida chamagetsi chimawotcha ndi kumata mitsempha ya magazi, kenako amadula n'kutulutsa basiketiyo pa kabowo komweko. Kawirikawiri chiberekero amachisiya.

Ubwino wake weniweni wagona pa kamtsempha kolimba kamene kamamangirira basiketi ya mazira kumsana. Pa opaleshoni ya masiku onse, yong'amba pamimba ija, dokotala amayenera kukakoka kapena kukadula ndi chala kuti basiketiyo ifike pabala pomwe angaione, ndipo kukoka kumeneko ndi mbali yaikulu ya ululu umene galu amamva akadzuka. Pa njira ya kamera sakoka kalikonse, amadulira pomwepo pamene chiwalocho chili, akuchiona chitakulitsidwa. Pa kafukufuku wina wa ku America wa mu 2009, agalu ang'onoang'ono anawaveka kachipangizo koyeza mmene akuyendera. M'masiku awiri oyamba, amene anang'ambidwa pamimba anachepetsa kuyenda ndi 62 peresenti, pamene a timabowo anachepetsa ndi 25 peresenti yokha. Agalu ake anali ochepa, komabe zimagwirizana ndi zimene madokotala ambiri amaona: ululu umachepa, galu amachira msanga, ndipo bala laling'ono silitseguka wamba.

Anthu amadabwa akamva kuti chiberekero chimatsala. Kodi sichidzaola? Ayi. Matenda a mafinya m'chiberekero amayamba chifukwa cha mahomoni, timichere toyendetsa za uchembere m'thupi, amene amachokera m'mabasiketi a mazira. Mabasiketi akachoka onse awiri bwinobwino, chiberekero chimangofota. Ku Netherlands ndi mayiko ena a ku Ulaya akhala akuchotsa mabasiketi okha kwa zaka zambiri, ngakhale pa opaleshoni yong'amba. Koma mfundoyi ili ndi malire ake, ndipo ndidzabwererako pa nkhani ya jakisoni.

Palinso phindu lina kwa amene amasunga agalu akuluakulu a chifuwa chakuya, monga German Shepherd, Boerboel ndi Rhodesian Ridgeback, amene timawaona m'malo ogona alendo kuyambira ku Nkopola mpaka ku Monkey Bay. Agalu otere chifu chawo chimatha kupotokola mwadzidzidzi, n'kufa m'maola ochepa. Pa opaleshoni ya kamera dokotala akhoza kusokerera chifucho ku khoma la mimba nthawi yomweyo, osang'amba bala lalitali.

Tsopano zovuta zake. Kamera, sikirini, makina opopera mpweya ndi chida chomata mitsempha ndi zinthu za ndalama zambiri, zimafuna magetsi osazimazima, ndipo zikawonongeka wokonza ali kutali. Dokotala amafunika maphunziro apadera komanso womuthandiza wozolowera. N'chifukwa chake kulikonse kumene imapezeka, kaya ku Johannesburg, Cape Town kapena London, imadula kuposa ya masiku onse. Si njira yoti mungayembekezere kuipeza pa boma la Mangochi, ku Namwera kapena ku Makanjira. Komanso si galu aliyense amene ingamuyenere. Amene ali ndi bere, amene chiberekero chake chadwala kale, kapena wamng'ono kwambiri, madokotala ambiri amamung'amba basi. Ngakhale pakati pa opaleshoni ya kamera, magazi akayamba kutuluka mosadziwika bwino, dokotala amasiya kamera n'kutsegula mimba. Choncho amene akulonjezani timabowo ayenera kukhala wodziwa kale ntchito ya mpeni.

Ya masiku onse

Iyi ndi imene agalu ambiri padziko lonse amatsekedwa nayo, ndipo ndi imene madokotala a ziweto a m'Malawi muno amachita. Bala limakhala pakati pa mimba, kumunsi kwa mchombo, masentimita angapo malinga ndi kukula kwa galu. Amachotsa mabasiketi a mazira pamodzi ndi chiberekero, amamanga mitsempha ndi ulusi wosungunuka wokha, n'kusoka mimba m'magawo atatu: mnofu, mafuta a pansi pa khungu, ndi khungulo. Galu amafunika kupuma masiku 10 mpaka 14.

Musaiderere chifukwa ndi yakale. Dokotala amene wachita opaleshoniyi kambirimbiri amasiya bala lalifupi modabwitsa, ndipo ndi mankhwala abwino oletsa ululu, kusiyana kwake ndi ya kamera kumakhala kwa masiku ochepa oyambirira. Pakatha mwezi simungasiyanitse agalu awiriwo. Onse sadzaberekanso, onse sadzafunanso amuna. Ndipo njirayi ili ndi mphamvu imene ya kamera ilibe: sisankha. Galu akapezeka kuti ali ndi bere laling'ono lomwe mwini wake samadziwa, kapena chiberekero chatupa, dokotala amangopitiriza ntchito.

Ena amang'amba pambali, pakati pa nthiti yomaliza ndi ntchafu. Njirayi amaikonda m'makampeni otseka agalu ambirimbiri, komanso kwa galu amene mawere ake akadali odzaza mkaka. Bala la pambali mumaliona muli pataliko, zomwe zimathandiza ngati galu wanu ndi wolusa wosagwirika, ndiponso likamasuka matumbo satulukira msanga monga zimachitikira ndi bala la pansi. Kuipa kwake n'kwakuti pakavuta china m'kati, dokotala amaona malo ochepa. Pakati pa pambali ndi pamimba, lolani dokotala asankhe imene dzanja lake linazolowera.

Chimene ndimaona kuti anthu sachiganizira n'komwe ndi nkhupakupa. Agalu athu a kunyanja amakhala nazo m'makutu ndi pakati pa zala chaka chonse, ndipo nkhupakupa zimafalitsa matenda awiri oopsa pa opaleshoni. Ena, otchedwa babesiosis, amaswa magazi ofiira. Ena, ehrlichiosis, amachepetsa tizinthu tothandiza magazi kuundana. Galu akhoza kumaoneka wamphamvu, kumadya bwino, koma atangochekedwa magazi osaleka. Kaya ndi kamera kaya ndi mpeni, galu wotere ali pangozi. Musanapite naye kulikonse, tukulani mlomo wake muone nkhama. Za galu wathanzi zimakhala zofiirira, zonyowa, ndipo mukadina ndi chala zimayera n'kubwerera msanga. Zikakhala zotuwa ngati pepala, zachikasu, kapena zili ndi timadontho tofiira, galuyo akufunika mankhwala kaye, opaleshoni pambuyo. Dokotala wabwino amayang'ana zimenezi asanatenge lumo. Amene sayang'ana, ine sindingamupatse galu wanga.

Nthawi nayo ndi yofunika. Galu akakhala pa nyengo, mitsempha ya kuchiberekero imakhala yodzaza magazi ndipo minofu imang'ambika msanga. Madokotala ambiri amafuna padutse miyezi iwiri kapena itatu nyengoyo itatha. Amene waswa kumene adikire ana asiye kuyamwa, mkaka uume. Ndipo kwa ife a ku Mangochi, ngati palibe chofulumiza, miyezi ya May mpaka July ndiyo yabwino. Kunja kumakhala kozizirirako, ntchentche n'zochepa. Kutentha kwa October ndi November kumavutitsa galu amene akutsitsimuka ku mankhwala ogonetsa, ndipo dzinja limabwera ndi matope komanso mphutsi zolowa pakhungu.

Jakisoni wolerera

Apa m'pamene mtima wanga umawawa. Pali chizolowezi chobaya agalu jakisoni wolerera wa amayi, uja wa Depo-Provera, chifukwa amapezeka pafupi ndipo ndi wotchipa. Amagwiradi ntchito, galu safuna amuna kwa miyezi ingapo, mwini wake n'kumati wapeza njira yachidule. Koma mankhwala ake, medroxyprogesterone, amachititsa kuti khoma la m'kati mwa chiberekero cha galu likhuthale ndi kuchita timatuza, khomo lake litsekeke, ndipo tizilombo tikalowa timapeza malo abwino oswanirana. Mapeto ake ndi mafinya m'chiberekero. Amayambitsanso zotupa za m'mawere ndi matenda a shuga.

Ndinaonapo galu wa mnansi wanga wina atafika pamenepo, atabayidwa kangapo. Anayamba ndi kumwa madzi modabwitsa, beseni lonse kutha, n'kumakodza pafupipafupi. Kenako anakana nsima, nyenyeswa za chambo zomwe ankalimbirana kale anangozinunkhiza n'kutembenuka. Mimba inatupa, a pakhomo n'kumati ali ndi bere. Pansi pa mchira pankatuluka zamadzimadzi zofiirira, zonunkha, ntchentche zili ng'waa. Atamung'amba, chiberekero chimene kwa galu wathanzi chimakhala chopyapyala chinatuluka chili ngati chubu cha njinga chopopedwa, chodzaza mafinya okhaokha. Galuyo anapulumuka, koma opaleshoni yake inali yaitali, yoopsa, ndipo ndalama zake zinaposa kutali zomwe akanalipira kumutseka ali bwinobwino.

Pali majakisoni ena opangira agalu enieni, monga a proligestone. Ndi abwinoko akaperekedwa ndi dokotala pa nthawi yoyenera, koma ndi a banja lomwelo la mankhwala, ndipo chiopsezo chija sichitheratu. Akhoza kuthandiza kudumphitsa nyengo imodzi pamene mukukonzekera opaleshoni. Si njira ya moyo wonse. Palinso jakisoni wochotsa bere galu akakweredwa mwangozi, wa aglepristone, amene amagwira mpaka masiku 45, koma ndi wodula ndipo sakutetezani ku nyengo yotsatira.

Tsono pano ndi pamene nkhani ya kusiya chiberekero ija imabwerera. Galu amene anabayidwapo jakisoni wolerera, chiberekero chake chikhoza kukhala chowonongeka kale. Wotereyu kuchotsa mabasiketi okha si nzeru, chifunika chichoke chonse. Ndiye kuti agalu ambiri a kwathu kuno, ngakhale kamera itabwera mawa pa boma, opaleshoni yowayenera ikanakhalabe ya masiku onse. Muuzeni dokotala zoona ngati munabayitsapo. Sakukalipirani, akungofuna kudziwa choti akakumane nacho m'kati.

Khola, ndi kuthena aamuna

Kumutsekera m'khola nyengo ikafika sikufuna ndalama, ndipo kwa munthu amene akufuna kuti galu wake adzaswe kamodzi m'tsogolo, ndiyo njira yokhayo yopanda mankhwala. Koma pamafunika masabata atatu athunthu, khola la njerwa kapena waya wolimba lokhala ndi denga, ndi banja lonse logwirizana. Mwana mmodzi akatsegula chitseko kwa mphindi zisanu, zatha. Kumangirira pamtengo ndi chingwe ndiye kungowaitanira amunawo. Khola silitetezanso ku matenda a chiberekero: ku Sweden, kumene agalu ambiri satsekedwa, anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse amadwala mafinya m'chiberekero asanafike zaka 10.

Kuthena galu wanu wamwamuna n'kwabwino, n'kosavuta, amachepetsa kuyendayenda. Koma wamkazi wanu adzakweredwa ndi wa mudzi wina.

Pali matenda enanso amene amandichititsa kukonda opaleshoni kuposa khola. Agalu oyendayenda amapatsirana chotupa cha kumaliseche pokwerana, chofiira, chonyenyeka, chotuluka magazi nthawi zonse. Ndi khansa yopatsirana, yofala m'mayiko otentha ngati lathu. Imachira ndi jakisoni wa vincristine wobayira mumtsempha sabata iliyonse kangapo, koma ulendo wake ndi wotopetsa. Galu wotsekedwa sakweredwa, choncho njira yaikulu yotengera matendawa imatsekeka.

Kutseka nako kuli ndi mtengo wake pa thupi la galu, ndipo n'chimodzimodzi pa kamera ndi pa mpeni chifukwa chochoka ndi mahomoni omwewo. Galu amanenepa msanga mukapanda kumuchepetsera chakudya. Ena, makamaka akuluakulu, amadzayamba kudontha mkodzo ali mtulo akamakula, ngakhale mankhwala ake alipo. Ofufuza a ku University of California, Davis anapeza kuti mitundu ina ikuluikulu ikatsekedwa isanakhwime imadwala mfundo za miyendo kwambiri, choncho Boerboel kapena German Shepherd ndi bwino akwanitse kaye chaka. Galu wathu wachikuda, wapakatikati, amene amagona panja, ine ndingamutseke msanga, pa miyezi 5 kapena 6, nyengo yoyamba isanafike. Zimathandizanso kuchepetsa zotupa za m'mawere, zimene pafupifupi theka lake mwa agalu limakhala khansa. Za kuti galu wotsekedwa amasiya kulondera kapena kusaka, si zoona. Amauwa monga kale, ndipo amakhala pakhomo usiku umene akanakhala ali kutali.

Nkhaniyi imakhudzanso ana athu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka padziko lonse, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Kuti chithe m'dera, agalu 70 mwa 100 aliwonse ayenera kukhala obayidwa katemera. Kutseka sikulowa m'malo mwa katemera, koma tiagalu tikamabadwa tambirimbiri chaka ndi chaka, chiwerengero cha obayidwa chimatsika msanga pakatha kampeni ya katemera. Tiagalu tosafunidwa timeneti ndi tomwe ana amasewera nato m'mphepete mwa nyanja.

Kopita ndi choyenera kufunsa

Yambirani ku ofesi ya zaulimi ya boma kapena kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu. Iwo amadziwa za katemera wa chiwewe ndi za makampeni akabwera, makamaka chakumapeto kwa September, poti pa 28 September ndi tsiku lokumbukira za chiwewe padziko lonse. Koma kutsegula mimba ya galu ndi ntchito ya dokotala wa ziweto weniweni, osati aliyense wodziwa kuthena mbuzi. Ku Blantyre kuli bungwe losamalira zinyama la BSPCA, komwenso a Mission Rabies, bungwe lolimbana ndi chiwewe, akhala akugwira ntchito kuyambira 2015. Ku Lilongwe kuli bungwe lina losamalira zinyama la LSPCA, limene linayamba mu 2008. Sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ya LUANAR tsopano ikuphunzitsa madokotala a ziweto m'dziko momwe muno, ndiye chiwerengero chawo chikukwera pang'onopang'ono.

Funsani mosaopa. Mankhwala ogonetsa ndi ati, ndipo ndani aziyang'anira kupuma kwa galu pamene dokotala akucheka? Zida zimaphikidwa motani pakati pa galu ndi galu? Oletsa ululu apatsidwa a masiku angati? Usiku zikavuta ndiimbira ndani? Amene akuyankhani modekha mafunso amenewa ndi wodalirika kuposa amene angokuonetsani makina.

Kuchokera pa boma kukafika ku Blantyre kudzera ku Liwonde ndi Zomba ndi makilomita pafupifupi 190. Nyamukani m'mamawa kusanatenthe, galu asadye kuyambira usiku, madzi okha, ndipo tengani chiphaso chake cha katemera. Ngati n'kotheka mugone komweko tsiku la opaleshoni, chifukwa kutuluka magazi kwa m'kati kumaonekera m'maola oyamba, ndipo si bwino kuti kukupezeni muli pa Ulongwe. Asakwere kumbuyo kwa lole padzuwa.

Mukafika kunyumba, mukonzereni malo ouma, amthunzi, pa simenti kapena pa thumba loyera, osati pa mchenga. Asapite kunyanja kapena ku Shire mpaka bala litapola, ngakhale atalira bwanji ndi kutentha. Mdani wamkulu ndi lilime lake lomwe: usiku umodzi akhoza kumasula ulusi wonse. Ngati dokotala alibe kolala ya pulasitiki, tengani kandowa kakale, dulani pansi pake bowo lokwana mutu, kulungani m'mphepete ndi nsanza kuti pasamucheke, boolani timabowo tinayi n'kumangirira ku lamba wa m'khosi. Tsiku loyamba azigunda nako zitseko, kenako amazolowera. Pabala musapake phulusa, oyilo wa galimoto kapena mankhwala a dipi. Musamupatse Brufen kapena diclofenac wa anthu, amaboola chifu ndi kuwononga impso za galu. Yang'anani balalo m'mawa ndi madzulo. Kutupa pang'ono n'kwachibadwa, koma likayamba kununkha, kutuluka mafinya, kutseguka, kapena galu akafooka nkhama n'kutuwa, imbani foni nthawi yomweyo, musadikire kuche.